Injini ya dizilo yasintha kalilidwe pa idling? Imvetsereni kaye musanalole munthu kuimasula

Galimoto zambiri za dizilo zomwe tikuyendera kuno zinadutsa kalekale makilomita 300,000, zina mpaka 500,000, ndipo nambala mukuiona pa dashibodi ija sikuti nthawi zonse imanena zoona, ena amaibweza asanagulitse. Ma Hilux ndi ma Hiace a 3L ndi 5L, ma Caravan a TD27 ndi QD32, ma Isuzu KB, ma Pajero a 4D56 ndi 4M40, ma Prado a 1KZ, olo awa a D-4D timawati atsopanowa, onsewa imafika nthawi amayamba kulira mwachilendo, makamaka galimoto ili chiimire injini ikungolira yokha osaponda faya. Mwini wake mtima umakhala m'mwamba, kuthamangira ku galaja, ndipo asanafotokoze n'komwe bwinobwino wauzidwa kale kuti bwana iyi ndi ya ovaholo basi. Zimenezi zimandiwawa kwambiri abale, chifukwa ovaholo ndi ndalama zoti banja limagwa nazo m'ngongole, pomwe maphokoso ambiri amatha ndi kawashala ka mkuwa, lamba, kapena bawuti imodzi yomasuka. Nde tiyeni tisake limodzi komwe phokosolo likuchokera, tiyambire kunja pa zotchipa, tizilowa mkati pang'onopang'ono.

Dziwani kaye kuti dizilo ndi waphokoso chibadwire. Alibe mapulagi oyatsira moto ngati petulo, mpweya umangopanikizidwa mu silinda mpaka kutentha kwambiri kenako injekita imapoperamo mafuta n'kuyaka okha. Injini zakale ngati 3L, 5L ndi 1KZ zimapanikiza mpweyawo ka 21 kapena 22, za common rail (zatsopano zoyendetsedwa ndi kompyuta, monga ma D-4D aja) ngati 2KD ndi 1KD pafupifupi ka 18. Pakati pa kupopera ndi kuyaka pamakhala kampata kochepetsetsa, mafuta amayamba aunjikana kenako n'kuphulika onse pamodzi, ndiko kuja mumamva khakhakhakha. Pa idling pamamveka kwambiri chifukwa mkati mwa silinda simunatenthe ngati pamsewu komanso palibe mphepo kapena matayala obisa phokosolo. Za common rail zimayamba zadontheza timafuta pang'ono kutsogolo kuti moto uyambe mofatsa, n'chifukwa chake zimalira mwaulemu zikakhala zabwino. Ndiye funso lanu lisakhale loti kodi ikuchita phokoso, funso ndi loti kodi yasintha poyerekeza ndi mmene inkalilira mwezi watha, nanga yasintha bwanji.

Pali phokoso limodzi lokha loti simuchita nalo kafukufuku, mumangozimitsa pomwepo. Ndi lija lolemera lochokera pansi, gu gu gu ngati wina akumenya chitsulo ndi hamala mkatimo, lokulirakulira injini ikatentha, makamaka ngati kagetsi ka oyilo kakuphethira kapena kayakiratu. Imeneyo musayese zoti ndingofika nayo kunyumba, olo kutakhala pafupi bwanji. Ikokeni. Beringi ikangoyamba kudyeka crankshaft imatha kupulumuka, koma mukaikakamiza ndi pamene injini imanoka, mwinanso con rod, mkono wa pisitoni, kuboola buloko kutulukira kunja.

Ngati si zimenezo, yambani m'mawa musanailize, galimoto ili pamalo osapendekeka. Solani dipisitiki. Oyilo akachepa kumtunda kwa injini kumakhala kouma ndipo kumachita tetete, zimenezo aliyense amadziwa. Chimene ambiri sayang'ana ndi oyilo wochuluka kuposa mmene munathirira. Oyilo sabereka, akakwera ndiye kuti mukulowa china, nthawi zambiri dizilo wochokera ku injekita yodontha kapena ku silo ya pampu. Mununkhizeni, mupakeni pakati pa zala, akakhala wamadzimadzi wonunkha dizilo ameneyo sakutetezanso maberingi. Kuda kokha kusakuopseni, oyilo wa mu dizilo amada msanga ndi mwaye. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka mukulowa madzi, imeneyo ndi nkhani ya gasiketi, hedi kapena oil cooler, ndipo a 1KZ muzikhala tcheru chifukwa hedi yake imang'aluka ikatenthapo kwambiri. Muonenso fyuluta ya mpweya ndi madzi a mu radiyeta mukadali pomwepo.

Tsopano ilizeni, koma foni ikhale ikujambula mawu kuyambira musanapotoze kiyi, mudzaifuna rekodiyo. Handibuleki mukoke, giya pa nyutulo, pamatayala muike miyala, ndipo galimoto ikhale panja osati m'galaja yotseka. Apa chofunika ndi nthawi imene phokosolo likubwera ndi nthawi imene likuchoka.

Likangomveka masekondi awiri atatu oyambirira kenako zii kagetsi ka oyilo kakazima, ndiye kuti oyilo akuchedwa kukwera. Kawirikawiri vuto ndi mafyuluta otchipa aja, kavalavu kake koletsa oyilo kubwerera mu sampu usiku kamakhala kachabe. Sinthani fyuluta, muike yabwino, mumverenso mawa lake. Pa injini za tcheni ngati YD25 ndi 4M40 phokoso la poyamba lotere limathanso kukhala tcheni chotamuka chomwe tensioner yake, yomwe imachikunga, ikudikira oyilo, chimenechi osachilekerera. Ikalira movutikira, kugwedezeka, kutulutsa utsi woyera wowawa m'maso, kenako pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri n'kukhazikika, yambani ndi ma heater plug, mapulagi otenthetsa mu silinda poiliza. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye kumadera ngati Dedza ndi Mzuzu ndi pamene pulagi imodzi yakufa imadziwika, silinda yakeyo imachedwa kugwira ndipo ikagwira imagogoda mwamphamvu. Kuyeza kwake n'kosavuta ndi multimeter, yabwino imaonetsa pafupifupi 1 ohm, yakufa siionetsa kanthu. Palinso kugogoda kwa phwa phwa phwa kosamveka chitsulo kwenikweni komwe kumachepa injini ikamatentha, kumeneko nthawi zambiri ndi mapisitoni omwe ayamba kusewera mu silinda, akatentha amafufuma n'kukwanamo. Injini yokalamba imatha kuyenda nako nthawi yaitali bola oyilo muzisamala. Loopsa ndi losemphana ndi limeneli, loti m'mawa kuli bata koma mukayenda mphindi 20 oyilo n'kupyapyala ndi pamene likutuluka. Limenelo tilibwerera kumunsiku.

Musanatsike pampando chitani timayeso tina taulere. Pondani kilachi mpaka pansi n'kuisiya, kangapo. Phokoso likamatha mukaponda n'kubwerera mukasiya, injini ilibe mlandu, ndi za mu giyabokosi kapena timasipuling'i ta kilachi, ndipo pa galimoto za dual mass flywheel monga ma TDI a VW ndi ma Navara ena ndi flywheel yomweyo yatha, imachitanso kho kho pozimitsa. Likamabwera pokhapokha mwaponda, ndi release bearing, beringi ya kilachi. A otomatiki pondani buleki muike pa D kenako pa R, galimoto ikamanjenjemera kwambiri mpaka magalasi ndi dashibodi kulira, ganizirani ma mounting, malabala omwe injini yakhalapo. Pa otomatiki pomwepo pali flex plate, chimbale cholumikiza injini ndi giyabokosi, yomwe ikang'aluka imagogoda ndendende ngati beringi, anthu amasulitsa injini zabwinobwino chifukwa cha imeneyi. Yatsani AC, zimitsani. Yatsani magetsi onse. Potozani chiwongolero mpaka kumapeto. Chilichonse chimene chikusintha phokosolo chikukulozerani kompuresa, olutaneta kapena pampu ya pawa sitering'i.

Kenako tsegulani boneti. Malaya omasuka, tayi, chitenje, zingwe za juzi, zonsezo kutali ndi fani ndi malamba chonde. Yang'anani mmene injini ikuvinira, yabwino imanjenjemera pang'ono mofanana, ya mounting yoduka imachita kudumpha mbali imodzi wina akaponda faya pang'ono. Tengani kamtengo muzikanikiza zinthu chimodzichimodzi, malata otchinga kutentha a pa ekizozi, bokosi la fyuluta ya mpweya, mapaipi a dizilo pomwe ali ndi timakilampu, chitsulo chotchinga sampu kunsi, batire. Misewu yathu yafumbi ndi mabampu imamasula mabawuti tsiku ndi tsiku, ndipo dizilo pa idling amagwedeza chilichonse chomasuka. Mukakanikiza chinthu phokoso n'kusiya, mwapeza, mangani basi. Yang'ananinso pomwe manifold ya ekizozi yakumana ndi hedi, mukaona mizere ya mwaye wakuda ndiye kuti gasiketi ikutulutsa mpweya kapena sitadi yaduka, zimenezi zimalira tchi tchi tchi ngati matapeti a mavalavu ndipo zimachepa chitsulo chikatentha.

Malamba nawo. Lamba wolira kwiii muthireni timadzi pang'ono, akangokhala chete kwa kanthawi ndiye kuti ndi lamba yemweyo watha kapena wakhwepa. Akapanda kusintha ndi beringi ya pule ina. Njira yotsimikizira ndi kuchotsa malamba onse akunja, osati wa taiming'i ayi, n'kuiliza injini ili yozizira osapitirira mphindi imodzi chifukwa pa injini zambiri pampu ya madzi imayendera lamba yemweyo. Phokoso likatha mwapuma, vuto lili kunja. Zimitsani, muzungulize pule iliyonse ndi dzanja, yolira ngati muli mchenga kapena yogwedera ndi imeneyo. Pa ma 3L ndi 5L kuseli kwa olutaneta kuli vacuum pump ya mabuleki, nayonso ikatha imagogoda. Ndipo pule yaikulu ya pansi ya pa crankshaft muiyang'anitsitse, ili ndi labala pakati yomwe imauma n'kulekana, nde imagogoda moopsa ngati injini yatha. Lembani mzere wa choko kudutsa mbali zonse ziwiri za puleyo, ilizeni pang'ono, mukapeza mzere waduka pakati ndiye kuti labala yasiya.

Ngati kunja konse kuli bwino tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga muike pa chitsulo, chogwirira muchigunditse pa khutu. Mudzadabwa mmene mawu amamvekera bwino. Yambani pa kava ya pamwamba, kutsogolo, pakati, kumbuyo. Kenako pa injekita iliyonse, kenako pa pampu, kenako m'mbali mwa buloko, pomaliza pansi pafupi ndi sampu. Pofuna kusaka mpweya wothawa gwiritsani kapaipi ka madzi, mbali ina kukhutu ina mukuyendetsa. Muziwerenganso liwiro la kugogodako. Injini zimenezi pa idling zimazungulira pakati pa 700 ndi 800 pa mphindi. Titenge 750. Silinda iliyonse imaphulika kamodzi pa maulendo awiri, ndiye kuti ka 375 pa mphindi, pafupifupi ka 6 pa sekondi. Kugogoda koti mukhoza kukutsatira ndi chala patebulo, ka 6 pa sekondi, ndi kwa silinda imodzi, kaya valavu yake kaya injekita yake. Kothamanga kuwirikiza pamenepo kukutsata crankshaft. Kosalongosoka, kobwera n'kupita mosatsata kayendedwe ka injini, kawirikawiri ndi chinthu chomasuka kapena tcheni.

Tifike pa ma injekita, chifukwa kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani pa galimoto zoyenda kwambiri. Nozo, nsonga ya injekita, ikakhala yabwino imapopera mafuta ngati nkhungu. Ikatha imachita kukodza kapena kudontha, mafutawo sasakanikirana bwino ndi mpweya, amachedwa kuyaka kenako n'kuphulika mwaukali, nde mumamva kha kha kha wakuthwa kumtunda, pamodzi ndi kugwedezeka, utsi wakuda kapena wotuwa, ndi mafuta kutha msanga. Anthu ambiri amasokoneza phokoso limeneli ndi la beringi. Kusiyana kwake, la injekita ndi lakuthwa ndipo nthawi zambiri limakula injini ikazizira, la beringi ndi lolemera ndipo limakula ikatentha. Musaichedwetse nozo yokodza, imatha kusungunula pamwamba pa pisitoni.

Koma musanaweruze ma injekita dzifunseni kuti dizilo ali mu thankiyo munamugula kuti. Nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse timakakamizika kugula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo wina amakhala wosakaniza ndi parafini, wina muli madzi ndi zinyalala za m'madiramu. Parafini alibe kuterera kumene pampu ndi ma injekita amadalira, chifukwa ziwalo zimenezi zimafewetsedwa ndi dizilo yemweyo, ndiye amazidya mwakachetechete uku akusinthanso kalilidwe ka injini. Ngati phokoso linayamba tsiku lomwe munathira mafuta okayikitsa, yambani pamenepo. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kotsegulira madzi, khuthulirani mu botolo loonekera mkati, lisiyeni likhazikike, madzi amakhala pansi dizilo pamwamba, mzere wake umaoneka bwinobwino. Sinthani fyuluta. Yeso labwino kwambiri ndi kuiyendetsa injini kuchokera mu kachigubu koyera ka dizilo wa pa filling station, paipi yokoka ndi yobweza zonse mu kachigubumo. Ikasintha kalilidwe pakapita mphindi zochepa, tsukani thanki. Muikeponso kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, mukaona thovu likudutsa ndiye kuti ikukoka mpweya penapake, kawirikawiri pa kapampu kopopa ndi dzanja ka pamwamba pa fyuluta kapena pa mapaipi akale ong'aluka, ndipo mpweya umapangitsa idling kukwera ndi kutsika.

Pa injini za pampu yakale zokha, 3L, 5L, TD27, QD32, 4JA1, 4JB1, 4D56 yakale ndi zinzake, pali yeso la sipanala. Injini ikulira, masulani pang'ono chabe nati ya paipi yolowa pa injekita yoyamba, muphimbe ndi kansanza, mutavala magalasi. Silinda imeneyo imasiya kugwira, injini imatsika n'kuyamba kutsimphina. Mverani, mangani, pitani pa yachiwiri. Pomwe mwamasula kugogoda n'kutha, silinda yake ndi imeneyo. Pomwe mwamasula koma injini osasintha n'komwe, silinda imeneyo sinkagwira ntchito kale. Koma apa ambiri amafulumira kuweruza. Kutha kwa phokoso kwangokuuzani silinda, sikunakuuzeni ngati ndi injekita kapena beringi, chifukwa beringi nayo imakhala chete ikapepukidwa. Nde sinthanitsani injekita imeneyo ndi ya silinda ina, mubwereze yeso lija. Phokoso likasamuka nayo, thokozani Mulungu, ndi injekita, itengereni kwa a mapampu akaiyeze pa makina muone nokha mmene ikupoperera. Likatsalira pa silinda yomweyo ndiye nkhani ili mkati.

Yeso limeneli pa common rail musaliyerekeze. D-4D, YD25 ya common rail, ma TDCi, zonsezi mphamvu ya mafuta mu mapaipi imapitirira mabar 1,000 ndipo olo pa idling imakhala mazanamazana. Dizilo wotere amaboola khungu n'kulowa m'thupi, kabala kake kamaoneka kakang'ono koma munthu amatha kuduka chala kapena dzanja, zikachitika ndi kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo n'kuwauza madokotala chomwe chalowa. Musasake podontha ndi dzanja, gwiritsani katoni. Za common rail zimayezedwa ndi kompyuta. Muuzeni wa diagnosis akuonetseni manambala a mmene kompyuta ya galimoto ikuonjezerera kapena kuchepetsera mafuta pa silinda iliyonse, pa Toyota nambala ikapitirira 3.0 kaya kumtunda kaya kumunsi ndiye kuti silinda imeneyo ili ndi vuto, ndipo ayeze injini ili yozizira komanso itatentha chifukwa zina zimabisala zikatentha. Palinso yeso la mafuta obwerera, timabotolo tinayi, injekita yodzaza kabotolo kake msanga kuposa zinzake yatha. Idling ikamasakasaka kapena kuzima pa ma roboti, pa mapampu a Denso yang'anani suction control valve, kavalavu ka pa pampu koyang'anira mafuta olowa, musanagule ma injekita, ndi yotchipa kutalitali. Ndipo mukaika ma injekita ena, makodi ake alowetsedwe mu kompyuta, kupanda kutero idzagogodabe ngakhale ali atsopano.

Kawashala ka pansi pa injekita kaja musakapeputse. Kakatha mpweya wa mu silinda umathawira m'mbali, mumamva pfu pfu pfu ndi fungo la utsi mu kabini, ndipo pa injini zomwe ma injekita ali poonekera mumapeza zakuda zolimba ngati phula zitaunjikana mozungulira. Pa 1KD ndi 2KD ndi zoopsa kwambiri chifukwa ma injekita ali mkati mwa kava, simuona kanthu kunja, mpweya wotenthawo umapsereza oyilo, makala ake amatsikira mu sampu n'kukatseka kasefa kokokera oyilo, mapeto ake maberingi amauma. Mukakhuthula oyilo pa injini zimenezi unikirani pa bowo la sampu muone kasefako, ndipo injekita ikangochotsedwa washala aikidwe watsopano, wakale osabwezera olo akuoneka bwino.

Za mavalavu sizitenga nthawi. Tetete wopepuka wa pa kava ya pamwamba ndi mpata wa mavalavu wakula. Pa TD27, QD32 ndi ma Isuzu a 4J ndi ntchito ya sipanala, sikuludiraiva ndi feeler gauge, pa 3L, 5L ndi 1KZ ndi mashimu ofunika kusintha. Muyezo mutenge m'buku la injini yanuyo ndipo muone ngati akuti yozizira kapena yotentha. Makaniko asamange kwambiri pofuna kuti ikhale chete, valavu yothina imapsa.

Taiming'i ndiye yofunika kuiganizira ngati phokoso linayamba galimoto itangochoka ku galaja. Pampu ikatsogola kwambiri injini imagogoda mwaukali masilinda onse mofanana. Ikatsalira imakhala chete koma imavuta kulira m'mawa, imafuka utsi woyera, ilibe mphamvu pokwera ndipo imatentha. Amakaniko ena amabweza pampu dala kuti mwini galimoto asangalale kuti phokoso latha, kumeneko si kukonza, musalole. Lamba wa taiming'i akadumpha dzino limodzi kapena akaikidwa molakwika zimachitanso chimodzimodzi. Pa Toyota kagetsi ka T-BELT kamayaka pa makilomita 100,000 pa ma 3L ndi 5L, pa 1KD ndi 2KD ndi 150,000, koma poti ena amangokazimitsa osasintha lambayo, galimoto yogula kwa munthu ingosinthani pamodzi ndi tensioner yake. Mukamva kulira kwa beringi kapena kukhula mkati mwa kava ya taiming'i musayende nayo, lamba akaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni. A 4D56 muli ndi kalamba kachiwiri ka ma balance shaft, kakaikidwa molakwika injini imanjenjemera, kakaduka kamatha kukodwa mu lamba wamkulu. TD27 ndi QD32 zimayendera magiya, kakulira ka wiii kutsogolo ndi kachibadwa.

Zonsezi mukadutsa phokoso likadalipo, lolemera, la pansi, lokula ndi kutentha, ndi pamene tikambe za mkati, komabe ndi umboni. Choyamba geji ya oyilo yeniyeni, amachotsa switch ya kagetsi kaja n'kumangapo geji, injini itatentha bwinobwino. Mabuku a Toyota a injini zimenezi amati pa idling isatsike pansi pa 0.3 kg/cm², ndipo mukaponda faya muvi uzikwera msanga. Kagetsi ka pa dashibodi musakadalire, kamayaka zinthu zitafika kale poipa. Chachiwiri khuthulani oyilo mu beseni loyera mupite nalo padzuwa, mudulenso fyuluta mutambasule pepala lake. Tizidutswa tonyezimira, makamaka tofiirira ngati mkuwa, ndi beringi imeneyo ikudyeka. Chachitatu, injini ikulira masulani chotsekera pothirira oyilo muchisiye pomwepo osamanga. Chikamangovinavina pang'ono palibe chodetsa nkhawa pa injini yokalamba, chikakankhidwa n'kugwa utsi uli pfu pfu motsatizana ndiye kuti maringi kapena pisitoni zikudutsitsa mpweya. Chomaliza ndi compression test, kuyeza mmene silinda iliyonse ikupanikizira mpweya. Pa 3L buku limati yabwino ndi 32 kg/cm², yotsikitsitsa yololedwa 20, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5. Manambala a masilinda onse anayi awalembe papepala muwaone ndi maso anu. Makaniko wodziwa ntchito sakwiya mukamufunsa zimenezi, amene akukana kuyeza koma akufulumira kumasula hedi musiyeni mupite kwina.

Za oyilo wolemera ndi timabotolo tothira mu injini toti timathetsa phokoso, ine sindigwirizana nazo. Zimangophimba mawu kwa masabata ochepa kwinaku m'mawa oyiloyo akuchedwa kufika kumtunda. Injini zakalezi 15W-40 wa dizilo weniweni amazikwanira, ndi fyuluta yabwino, ndipo kwathu kwafumbi kuno makilomita 5,000 ndi okwana kusintha. A minibasi chepetsaniponso, chifukwa maola onse aja galimoto imakhala ikulira pa siteji kudikira kuti idzaze, nambala ya pa dashibodi siyenda koma oyilo akugwira ntchito ndipo mwaye ukuunjikana pa manozo ndi pa EGR, valavu yobweza utsi wina mu injini. Ngati mukhala nthawi yaitali ingozimitsani, kungoti ya tabo mukachoka paulendo wautali muisiye mphindi imodzi kapena ziwiri ipume kaye.

Popita ku galaja tengani rekodi ya pa foni ija, ndipo munene zinthu zake mwachindunji, kuti limayamba ikazizira kapena ikatentha, limasintha ndi kilachi kapena ayi, malamba tinachotsa linatsala, likumveka kwambiri pa silinda yachitatu, mafuta omaliza ndinathira akuti. Ngati n'kotheka igone komweko kuti akailize okha m'mawa. Mugwirizane kuti asamasule chilichonse chachikulu asanakuimbireni, ndipo zitsulo zonse zochotsedwa akusungireni.

Kwa amene mukufuna kugula ya dizilo yoyendapo kale, panganani ndi wogulitsa m'mawa ndipo mumuuziretu kuti asailize musanafike. Mukafika gwirani buloko ndi paipi ya pamwamba ya radiyeta, zikakhala zofunda ndiye kuti yatenthetsedwa kale, bwererani tsiku lina. Solani dipisitiki muone ngati oyilo sakunanda modabwitsa, ilizeni muli panja pafupi ndi boneti wina akupotoza kiyi, kenako muyende nayo mpaka itenthe ndithu, muime, muisiye pa idling mphindi zisanu mukuyang'ana kagetsi ka oyilo ndi kumvetsera pansi pa sampu.